Kulumikiza wailesi yodzipangira ku magetsi a m'nyumba

Anyamata ambiri ku Chitakale, Luchenza ndi Bvumbwe akupanga okha mawailesi: bokosi la matabwa, masipika awiri, wailesi yozula m'galimoto kapena kaampulifaya kogula ku Limbe, kenako batire la njinga yamoto. Nyimbo zimalira bwino ndithu. Vuto limabwera magetsi akafika pakhomo, munthu n'kufuna kuti batire lipume.

Magetsi a m'soketi, kaya ndi a ESCOM kaya a MEGA, kampani yopanga magetsi ku Bondo ku Mulanje, ndi a 230V ndipo ndi a AC, mtundu wa magetsi osinthasintha mbali yoyendera. Wailesi yanu imadya 12V ya DC, mtundu wa magetsi oyenda mbali imodzi ngati a batire. Mukalowetsa mawaya ake m'soketi, ipsa nthawi yomweyo, ndipo inunso moyo wanu uli pachiswe. Pakati pa soketi ndi wailesi pamafunika adaputa, kachipangizo kosandutsa magetsi a m'soketi kukhala oyenera wailesi, ndipo si adaputa iliyonse.

Tembenuzani adaputayo muwerenge pamene palembedwa Output. Nambala ya V, yosonyeza mphamvu ya magetsi, ifanane ndendende ndi ya wailesi. Chaja ya foni wamba imatulutsa 5V, wailesi siyaka. Machaja ambiri a laputopu amatulutsa 19V, ndipo apa ndi pamene ambiri amapsetsera katundu, poti pulagi yake imalowa bwinobwino ngati ndi ya wailesiyo. Kulowa kwa pulagi kusakupusitseni.

Nambala ya A, yosonyeza kuchuluka kwa magetsi amene adaputa ingapereke, ndiye ina. Iyi ikachuluka palibe vuto, wailesi imangotenga zimene ikufuna. Ikachepa, mudzaona mukakweza voliyumu: ng'oma ikagunda wailesi imathima n'kuyakanso, adaputa n'kutentha mpaka kukanika kuigwira. Kaampulifaya kakang'ono kamakhuta ndi 2A kapena 3A. Wailesi ya m'galimoto muipatse 5A kupita m'mwamba, ndipo ngati mumakonda kuti aneba nawonso azimva, pezani ya 10A.

Musanalumikize, bwerekani mita kwa amene amakonza mafoni pamsika. Yezani kuti waya wa pozitivu ndi uti, chifukwa mtundu wa waya pa maadaputa otchipa sudalirika. Yezaninso mphamvu yake. Maadaputa ena akale olemera aja amalembedwa 12V koma akakhala osalumikizidwa ku wailesi amafika 16V kapena kuposa. Oterowo asiyeni. Pa wailesi ya m'galimoto, waya wofiira ndi wachikasu mumangirire pamodzi ku pozitivu, wakuda ku negativu. Pa waya wa pozitivu ikani fyuzi. Ine ndikaona fyuzi yakulungidwa ndi kapepala konyezimira ka mu paketi ya fodya, ndimadziwa kuti bokosilo silikhalitsa.

Ena amagwiritsa ntchito kabokosi ka magetsi kochotsa m'kompyuta yakale ya patebulo. Kamagwira bwino. Mukalumikiza waya wobiriwira ndi wakuda kamayaka, ndipo mawaya achikasu ndiwo a 12V. Koma musakatsekule m'kati, muli zipangizo zosunga moto ngakhale mutazula pulagi.

Tsopano za batire. Musamangirire adaputa ndi batire pamodzi poganiza kuti lizitchajika uku nyimbo zikulira. Batire la 12V likadzaza limaonetsa pafupifupi 12.6V, ndipo kuti lilandire moto limafuna 13.8V mpaka 14.4V. Adaputa ya 12V siingalidzaze, mwinanso ingoonongeka. Gulani swichi ya mbali ziwiri, mbali ina batire, ina adaputa, kuti ziwirizi zisakumane. Batirelo muzilitchaja padera ndi chaja yake, pamalo opita mphepo, kutali ndi mbaula kapena koloboyi, chifukwa likamatchajidwa limatulutsa mpweya wosachedwa kuyaka.

Kwathu kuno chinyontho chimatipweteka. Nthawi ya chiperoni mfundo za mawaya zongopotokola ndi zala zimachita dzimbiri, nyimbo n'kuyamba kudukaduka. Ziwotchereni ndi mtovu, muzikulunge ndi tepi yamagetsi, osati jumbo. Adaputa ikhale pa thabwa, isakhudze simenti yonyowa, ndipo musaiphimbe ndi chitenje. Pulagi ikhale ya mano atatu. Zija zotsekula soketi ndi kamtengo n'kulowetsa mawaya osasenda bwino zilekeni, makamaka m'nyumba mwa ana okwawa.

Magetsi akathima, zulani adaputa n'kutembenuzira swichi ku batire. Akabwerera, dikirani mphindi zingapo kuti akhazikike musanailowetsenso, pakuti pobwera nthawi zina amadza ndi mphamvu yopitirira. Mabingu akayamba kugunda kuphiri, zulaninso.