Kunenepa kwa ana sitiyeza ndi maso anzanga

Aphunzitsi ndi ma volontiya amene mwayamba kulemba za ana onenepa m'masukulu muno mu Blantyre, ntchito mwaigwira koma pena mukulakwitsa pachiyambi penipeni. Munthu kulowa mkalasi, kuloza ana asanu amasaya akuluakulu nkumati awa ndiye tiwayeze, ayi ndithu, mwasankha kale yankho musanafunse nkomwe. Tengani rejisitala, mwana aliyense akhale ndi nambala, lembani manambalawo pa timapepala muponye m'chipewa muzitola osayang'ana, kapena muzitenga mwana wachisanu aliyense mpaka dzina lomaliza. Woonda, wonenepa, onse alowe.

Sikelo iikeni pa simenti posapendekeka osati pa udzu, ionetse ziro kaye, mwana avule nsapato ndi juzi, chikwama pansi (ena amakwera nacho kumsana muli mabuku ndi botolo la Sobo, inu nkulemba zonsezo ngati thupi). Msinkhu ayime chidendene kukhoma, yezani kawiri. Ndiye BMI, nambala yoonetsa ngati kulemera kwa munthu kukugwirizana ndi msinkhu wake, mumaipeza potenga makilo kugawa ndi msinkhu wa mamita mutauchulukitsa ndi womwewo. Mnyamata wongokwanitsa kumene zaka 10 wolemera makilo 40, msinkhu 1.35, BMI yake ili pafupi 22. Kwa munthu wamkulu 22 ilibe vuto, malire ake ndi 25, koma kwa mwana ameneyu pa tchati cha WHO (bungwe loona zaumoyo padziko lonse) cha zaka 5 mpaka 19 wadutsa kale mzere wa +2, kutanthauza kunenepa kwambiri. Nchifukwa chake tsiku lobadwa mulione m'buku la kuchipatala, zongoti "ali sitandade 5" sizithandiza poti mkalasi imodzi mumapezeka wa zaka 9 ndi wa 14. Anyamata tchati chawo, atsikana chawo.

Tsono pa masewera mpamene pali chinyengo chambiri. WHO imati ana a zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi zosachepera 60 pa tsiku, zija zoti mpaka apume mwawefuwefu. Koma mukamufunsa mwana kuti umasewera? aliyense amati eya, ngakhale uja amangokhala pa foni ya mayi ake tsiku lonse. Funsani za dzulo lokha, mwatsatanetsatane: unabwera bwanji kusukulu, wapansi, pa minibasi kapena anakusiya pa geti, pa buleki unatani, unatunga madzi, unasewera fulaye kapena mpira mpaka nthawi yanji. Ngati muli ndi timakina towerenga mapazi, avale masiku 7 kuphatikiza Loweruka ndi Lamlungu, ndipo muziwachenjeza chifukwa ana amabwerekana kapena kungokagwedeza m'manja kuti nambala ikwere.

Mukapeza kuti onenepa sasewera kwambiri musathamangire kulemba kuti kusasewera ndi kumene kwawanenepetsa. Mwina ananenepa kaye anzake nkumamuseka ndiye anasiya mpira. Komanso mwana wa ku Namiwawa wobwera pa galimoto ali ndi ndalama ya chipisi sangafanane ndi wa ku Ndirande kapena Bangwe wokwera chitunda wapansi mmawa uliwonse, ndiye agaweni m'magulu, zaka, dera, zimene amadya pa buleki, muyerekeze ofanana okhaokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'Malawi monse, wotchedwa MDHS, wa 2015-16 anapeza ana 37 pa 100 osakwana zaka 5 ali opinimbira, onenepa mopitirira anali 5 pa 100, ndiye m'kaundula wanu siyani malo olembamo ofupika ndi oonda, muwapeza ambiri kuposa amene mukuwafunawo. Makolo muwapemphe chilolezo kaye, ndipo makilo a mwana osawatchula mokweza pamaso pa anzake.