Kutsutsana pa ntchito yopeka popanda kudana

Gulu lolemba sewero, lopeka nyimbo kapena lokonza chinthu chatsopano limagwa m'njira ziwiri. Mwina onse amangovomera zimene wanena wamkulu, mwinanso mkangano umasiya ntchito n'kugwera munthu. Zonsezi zimapeweka mukasiyanitsa nthawi yotulutsa maganizo ndi nthawi yowapeta.

Musayambe ndi kukambirana. Mu 1958 ofufuza a pa yunivesite ya Yale anapeza kuti anthu oganiza payekhapayekha amatulutsa maganizo ambiri kuposa gulu la chiwerengero chomwecho lokambirana pamodzi. Pagulu amalankhula mmodzi pa nthawi, ndipo ena podikira mpata amaiwala zawo kapena kuzitaya chifukwa cha manyazi.

Njira yothandiza ndi ya 6-3-5, imene Bernd Rohrbach wa ku Germany anayambitsa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anthu 6 akhale mozungulira, aliyense ndi pepala lake. Aliyense alembe maganizo 3 m'mphindi 5 osalankhula, kenako apatsire mnzake woyandikana naye, yemwe awerenge n'kuwonjezera ena 3. Mapepala akazungulira onse, pamakhala patatha mphindi 30 ndipo maganizo amafika 108. Chimene chimaononga njirayi kawirikawiri ndi funso lotambalala. "Tikonze bwanji seweroli?" silibala kanthu. Funsani kuti, "Mtsikanayu adziwa bwanji kuti bambo ake amunamiza?" Ndipo pasalembedwe mayina pamapepala.

Kupeta kuchitike tsiku lina. Apa kutsutsana kumafunika ndithu, chifukwa ntchito yongoyamikiridwa imatuluka ndi zilema zake zonse. Ayambe kulankhula ndi wamng'ono pagulu, mtsogoleri amalize. Pa kafukufuku wa m'ma 1950 wa Solomon Asch, katswiri wa za maganizo a anthu, anthu ambiri ankatsatira gulu pa yankho loonekeratu kuti ndi lolakwika, koma pakapezeka mmodzi yekha wotsutsa, enanso ankalimba mtima.

Wotsutsa aloze pamene pali vuto ndi zimene wamva: "Pa ndime yachiwiri chidwi changa chinathawa." Asathamangire kupereka mankhwala. Womvera amadziwa bwino pamene pakupweteka, koma kachiritsidwe kake amakadziwa ndi mwini ntchito. Mwiniyo akhale chete, azingolemba, afunse pokhapokha pamene sanamvetse. Akayamba kudziteteza, ena amatseka pakamwa. Ku Pixar, kampani ya ku America yopanga mafilimu a makatuni, gulu lounika mafilimu lotchedwa Braintrust limanena mosabisa mawu, koma lilibe mphamvu yolamula wotsogolera filimu kusintha kanthu. N'chifukwa chake iye amatha kumvetsera mopanda mantha.

Mukamva mawu akuti "iwe nthawi zonse" kapena nkhani zakale zikufukulidwa, dziwani kuti mkangano wafika pa munthu. Imani kaye kwa mphindi ngati 20, mitima itsike. Pobwerera, aliyense afotokoze maganizo a mnzake mpaka mwiniwake avomere kuti ndi momwemo. Akapanda kugwirizanabe, yesani zonse ziwiri: imbani nyimboyo m'njira zonse, sewerani mathero onse awiri pamaso pa anthu osadziwa kuti ganizo lililonse ndi la yani.

Zinthu zitatu zilembedwe ntchito isanayambe: amene adzagamule mukalephera kugwirizana, mayina amene adzatchulidwe, ndi kagawidwe ka ndalama. Mikangano yambiri yooneka ngati ya luso imachokera pamenepa, ndipo imavuta kuithetsa ntchito ikayamba kutchuka.