Posankhira mwana buku, tsegulani pakati

Makolo anzanga, mukalowa mu laibulale musathamangire buku lokongola chikuto. Ngati ndi la sayansi, tsegulani pakati muone ngati muli zojambula zosonyeza momwe chinthu chimagwirira ntchito. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, Chingerezi chinkamuvuta, koma zithunzi za m'buku la Using Energy zinamutsegula maso mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Mbiri yakeyo ilinso m'buku lofewetsedwera ana, lomwe linatuluka mu 2015.

La nthano ndiye losavuta. Mwanayo awerenge tsamba limodzi mokweza pomwepo. Akapunthwa pa mawu oposa asanu, libwezeni pa shelefu, adzalipeza chaka chamawa. Wanga ndinamukakamiza lina lonenepa, linathera pansi pa bedi.