Kaonedwe ka zojambula za pa Chongoni kuti mubwereko mutamvapo kanthu

Anthu ambiri akafika pa Chongoni ku Dedza amangodzitola chithunzi pafoni kenako n'kumati "ndiye ndi izi basi?" Abale, malo amenewa a UNESCO anawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006 ndipo alipo malo 127 a zojambula zakale za pamiyala, vuto ndi changu chanucho.

Sankhani malo amodzi, kaya Mphunzi, Namzeze kapena Chentcherere, ndipo pezani munthu wakonko akuperekezeni, musaiwale kumupatsa kangachepe. Mukafika foni m'thumba, khalani pansi kaye duu osafunsa kanthu. Poyamba muona ngati thanthwe langothimbirira, koma diso likazolowera zofiira zimayamba kutuluka, timizere, tozungulira tina mkati mwa tinzake, zimenezo ndi za Akafula, alenje aja anali kuno Achewa asanabwere. Zoyerazo ndi za Achewa, dothi loyera lopaka ndi chala.

Ndiye funani pamene choyera chakwera pamwamba pa chofiira. Pamenepo mwadziwa nokha amene anayamba ndani, popanda buku kapena mphunzitsi wa hisitole.

Chimene ine ndimalimbikitsa kwambiri ndi kope ndi pensulo. Jambulani chimodzi, olo mukhale kuti kujambula simutha, palibe akupatseni malikisi. Dzanja limakukakamizani kuwerenga miyendo, madontho, komwe kwaloza mchira, zinthu zoti kamera imangomeza osakuuzani, ndipo mupeza kuti chinyama chomwe mumati ndi buluzi chatambasuka ngati chikopa choyanika, ngati wojambulayo amachiyang'ana ali pamwamba. Zambiri zoterezi zimakhudzana ndi chinamwali cha atsikana, zina ndi zilombo za Nyau. Yerekezani anamkungwi ali pompo, namwali wagwada, nyimbo ikugunda kuthanthweko, muona kuti kutalika komwe chajambulidwa komanso kubisika kwa phangalo kukuyamba kumveka.

Koma zomwe mwaganizazo ndi zanu, musakazilalikire ngati mwambo. Woperekeza akangoseka osayankha musamukakamize, zina ndi za kutsimba ndi kudambwe.

Osagwira, osathira madzi kuti utoto uoneke bwino, ndipo awo olemba maina awo ndi makala pamenepo, aaa, kaya anakulira kuti. Ngati thiransipoti yatsalako tsikirani ku Mua, mukayerekeze za m'kope mwanu ndi zigoba za gule zomwe zili mu Chamare Museum.