Makadi a zithunzi pophunzitsa adzukulu Chichewa

Adzukulu anga anabadwira kuno ku Harare, ku Mufakose, ndipo pakamwa pawo pamangotuluka Chishona ndi Chingerezi. Chichewa chimene bambo anga anabwera nacho kuchokera ku Dedza nthawi ya Chitaganya n'chachilendo kwa iwo, ngakhale malamulo a dziko lino a 2013 amachiwerengera pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Kuwakhazika pansi ndi buku kunandikanika. Chimene chinathandiza ndi makadi a zithunzi.

Pezani katoni yakale, muidule tizidutswa tokula ngati chikhatho. Zithunzi dulani m'mapepala otsatsa malonda a m'masitolo, zina jambulani nokha. Galu amene ndinajambula ine amaoneka ngati mbuzi, koma anawo anamuzolowera. Chinthu chilichonse chikhale ndi makadi awiri. Musalembepo mawu. Mukalemba, mwana amathamangira kuwerenga m'malo momvetsera pakamwa panu.

Yambani ndi zinthu 8 zokha. Vundikirani makadi pamphasa, mwana avundukule awiri n'kutchula zimene waona. Akafanana, ndipo watchula bwino, ndi ake. Akati "imbwa" m'malo mwa galu, makadiwo abwerere pamphasa. Musamukalipire ayi, kuseka kwa anzake kumakwanira.

Pamene pagona ntchito ndi pa mawu ofanana ndi a Chishona. Nkhuku ndi "huku", mbuzi ndi "mbudzi", izi savutika nazo. Koma kwa Mshona "mvura" ndi madzi akumwa, ndiponso mvula yomwe. Mdzukulu wanga wamng'ono anatha sabata yathunthu akundipempha kuti, "Agogo, ndipatseni mvula ndimwe." Ndinajambula ndowa yodzaza pakhadi lina, mtambo wogwetsa madontho pa linzake, n'kumamufunsa kuti andipatse la madzi. Tsiku lachitatu anasiya kusokoneza.

Mayina akakhazikika, onjezani lamulo lakuti wopata makadi anene kuti chinthucho ndi chake: chimanga changa, dzira langa, nkhuku yanga. Tcherani khutu pa galu. Adzati "galu yanga", chifukwa m'mutu mwawo muli "imbwa yangu". Ingobwerezani inu kuti "galu wanga", n'kupitiriza masewero.

Ife timasewera mphindi 15 madzulo, madzi a nsima ali pamoto. Mthiko ukangoyamba kulira m'poto timatolera makadi, ngakhale ena akulirira kuti tibwereze.