Mtengo wa elm ukayamba kufota pakhomo panu ku Britain

Malangizowa ndi a inu abale amene mukukhala ku Britain m'nyumba zokhala ndi kabwalo kumbuyo kapena mpanda wa mitengo. Ambirife tinakula tikudziwa kuti mtengo ukauma pakhomo, timabwereka nkhwangwa kwa aneba, n'kuugwetsa Loweruka m'mawa, zipika n'kuziunjika kuseri kwa khitchini. Mukachita zimenezi ndi mtengo wa elm mukhoza kudziitanira milandu, ndipo choipitsitsa pa zonsezi ndi kusunga nkhunizo.

Yambani mwatsimikiza kuti mtengowo ndi elm. Thyolani tsamba limodzi muliyang'ane pamene lalumikizana ndi kaphesi kake. Mbali imodzi imatsika kuposa inzake. M'mphepete mwake muli timano tothinana, ndipo mitundu yambiri tsamba lake limakhakhala mukalisisita ndi chala.

Matenda omwe amapha mitengoyi amatchedwa Dutch elm disease, chifukwa akatswiri a ku Netherlands ndiwo anapeza gwero lake m'zaka za m'ma 1920. Amayamba ndi mtundu wina wa chuku. Mtundu wake wolusa kwambiri, Ophiostoma novo-ulmi, unalowa ku Britain chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 kudzera m'zipika zochokera ku Canada zomwe zinabwera zosasenda makungwa, ndipo kuyambira pamenepo wapha mitengo yoposa 25 miliyoni. Taonani kuti mliri wonsewu unabwera ndi zipika, zonga zomwe inu mungafune kusungira kanyenya.

Chukucho sichiuluka chokha. Chimanyamulidwa ndi tizikumbu totchedwa Scolytus, tamsinkhu ngati wa nankafumbwe wa m'chimanga. Kachikumbu kakakazi kamaboola khungwa la elm wodwala kapena wongofa kumene, n'kuikira mazira pansi pa khungwalo. Mphutsi zimakulira momwemo, ndipo kunja kukafunda, kuyambira cha mu Meyi, tizikumbu tatsopano timatuluka thupi lonse lili chuku. Timaulukira kunsonga kwa mitengo yamoyo n'kumadya m'mphanda za tinthambi. Pa kabala kameneko ndi pomwe chuku chimalowera m'mitsempha yoyendamo madzi. Mtengo poyesa kudziteteza umatseka wokha mitsemphayo, ndiye masamba amasowa madzi ngakhale pansi pali chinyontho. N'chifukwa chake kuthirira kapena kuthira feteleza sikuthandiza kanthu. Njira ina ndi ya pansi. Mitengo ya elm yoyandikana imalumikizana mizu, choncho umodzi ukadwala mumpanda, matenda amayenda mobisa kupita ku winawo.

Nthawi yoyendera mitengo yanu ndi Juni mpaka Ogasiti. Mukaona nthambi imodzi kumtunda yafota masamba, asanduka achikasu kenako ofiirira pomwe mtengo wonse uli wobiriwira, kayikirani. Nsonga za tinthambi zimapindikira pansi. Dulani kanthambi kodwalako, kakulidwe ngati chala, musende khungwa ndi mpeni. Mukapeza mizere yakuda motsata utali wa kanthambiko, kapena timadontho takuda tozungulira pamene mwadulapo, ndi matendawo. Mpeniwo muupukute ndi sipiliti musanakhudze nawo mtengo wina. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala musavutike, masamba onse amakhala akusanduka mtundu ndi kuyoyoka mwachilengedwe.

Tsono musanaitane wodula, dziwani kaye mwini mtengo. Ngati muli pa lendi, udindo ndi wa landilodi. Mulembereni uthenga, muikepo zithunzi, ndipo musunge zomwe mwalembazo. Ngati nyumba ndi yanu, funsani ku khonsolo ngati mtengowo uli pansi pa lamulo loteteza mitengo la Tree Preservation Order (TPO), kapena ngati dera lanu ndi lotetezedwa, lomwe amati conservation area. Ku England mtengo wa TPO sudulidwa popanda chilolezo cholembedwa. Ukakhala kuti waferatu, mumadziwitsa khonsolo masiku asanu ogwira ntchito musanaudule. Koma chenjerani apa: kuyambira 2012, mtengo wongodwala, womwe sunafe, suwerengedwa ngati wakufa, umafunabe chilolezo. M'dera lotetezedwa mumapereka chidziwitso cha masabata 6 pa mtengo womwe thunthu lake laposa mamilimita 75 m'mimba mwake, poyeza pa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi. Pokhapokha mtengo ukakhala pangozi yogwera anthu nthawi yomweyo m'pamene mumaloledwa kuchotsa gawo loopsalo, n'kudziwitsa khonsolo msanga. Jambulani zithunzi musanayambe, chifukwa adzafuna umboni. A ku Wales, Scotland ndi Northern Ireland funsani khonsolo yanu, malamulo amasiyanako.

Palinso za mbalame ndi mileme. Lamulo la Wildlife and Countryside Act la 1981 limaletsa kuwononga chisa chomwe mbalame ikugwiritsa ntchito, ndipo nyengo ya zisa ndi Malichi mpaka Ogasiti, nthawi yomweyo imene matenda amaonekera. Mileme yonse ndi yotetezedwa, ndipo imakonda mphako ndi makungwa ofutukuka a mitengo yakufa. Wodula wodziwa ntchito amayamba wafufuza zimenezi.

Pa za kudula kwenikweniko ndinena mosabisa: elm wamkulu wouma si wogwetsa nokha. Nthambi zake zimathyoka mosachenjeza, ndipo mabwalo a nyumba za kuno ndi opanikizika, mbali iyi mpanda wa aneba, mbali iyo denga la galasi, kutsogolo msewu. Akatswiri amakwera ndi zingwe n'kumautsitsa chidutswachidutswa, ndipo ukawola kwambiri sakwera n'komwe, amabwera ndi galimoto ya chikepe. Funani wodula wokhala ndi ziphaso zogwiritsira ntchito chainsaw komanso inshuwalansi yolipira katundu wa anthu ena akawonongeka. Bungwe la Arboricultural Association lili ndi m'ndandanda wa makampani ovomerezeka. Anthu ogogoda pakhomo, onena kuti angodutsa ndipo adula lero lomwe pa mtengo wotsika mukawapatsa ndalama pamanja, akanireni mwaulemu. Ngati nthambi zafika pa mawaya a magetsi, imbani 105, nambala ya oyang'anira mawaya a magetsi, munthu asanakwere.

Mtengo ukagwa, ntchito yeniyeni ndiye yayamba. Chipika chilichonse cha elm chomwe chili ndi khungwa ndi malo oswanirana tizikumbu tija, ngakhale mtengowo unali wosadwala pougwetsa. Muli ndi njira zitatu: kusenda makungwa onse n'kuwawononga, kugaya nthambi ndi makina, kapena kuti wodulayo atenge zonse akaziwotche kumalo oyenera. Thabwa losendedwa bwino lilibe vuto, mukhoza kulisunga. Chomwe sindikufuna kuona ndi mulu wa zipika zosasenda pansi pa lona kudikira chisanu, kapena kupakira mnzanu m'buti ya galimoto kuti akasonkhere mbaula yake ku tauni ina. Mwa njira imeneyi matenda amadumpha mtunda womwe kachikumbu pakokha sikakanafika. Pokambirana mtengo wa ntchito, funsani kumene zinyalala zikupita, ndipo muone umboni woti wodulayo analembetsa zonyamula zinyalala. Zikakapezeka zitatayidwa m'mbali mwa msewu, mlandu ukhoza kubwerera kwa inu.

Okhala ku Brighton ndi Hove muchite changu kuposa ena onse. Mzindawu, womwe uli pakati pa nyanja ndi mapiri a South Downs, unapulumutsa mitengo yake yambiri poyendera ndi kudula yodwala msanga, ndipo ndi komwe kuli National Elm Collection, nkhokwe ya dziko yosungira mitundu ya elm. Ngakhale kumeneko, umodzi mwa mitengo iwiri yotchuka ya Preston Twins, ya zaka pafupifupi 400, unadulidwa mu 2019 utagwidwa ndi matendawa. Mukaona zizindikiro kumeneko, kapena ku Edinburgh komwe khonsolo imalondolanso matendawa, dziwitsani khonsolo sabata yomweyo.

Chitsa nacho chisendedwe mpaka pansi, apo ayi chigayidwe. Ngati mtengowo unali waukulu, pafupi ndi khoma, ndipo dothi ndi lamakande monga m'madera ambiri a London, funsani katswiri wa zomangamanga musanauchotse. Elm amamwa madzi ambiri, ndipo akachoka dothi limafufuma pang'onopang'ono mpaka kung'amba khoma.

Chaka chotsatira mudzaona mphukira zambiri zikutuluka m'mizu. Zimakula bwino kwa zaka 15 kapena 20, koma khungwa likangokhuthala tizikumbu timabwerera. Mukafuna kuzisunga, muzizidulira ngati mpanda waufupi, chifukwa elm wosaloledwa kutalika kawirikawiri sagwidwa. Mukafuna mtengo wamthunzi, ku nazale funsani mitundu yopirira matendawa monga New Horizon kapena Lutèce, ndipo mubzale pakati pa Novembala ndi Malichi, patali ndi khoma la nyumba.