Momwe mungaphunzitsire ana a sekondale ntchito za umoyo pofufuza matenda ochokera m'chakudya

Mukafunsa ana a sekondale ku Ulongue kapena ku Tsangano kuti ku chipatala kumagwira ntchito ndani, ambiri amatchula awiri okha: dokotala ndi namwino. Koma anthu akadwala ambiri nthawi imodzi atadya pamodzi, amene amapeza gwero la vutolo nthawi zambiri amakhala ena, anthu oyenda ndi kope ndi cholembera, owerengera odwala, opima zinthu mu labotale ndi oyendera makhitchini. Ntchito zimenezi mwana sangazimvetse pongouzidwa. Mpatseni mliri wongopeka aufufuze yekha. Phunziroli limakwana m'mapiriyodi atatu a mphindi 45, ndipo limafuna mapepala, bolodi ndi choko basi.

Yambani ndi nkhani ya ku Chitima

M'chigawo chathu chino cha Tete, ku Mozambique, tili ndi nkhani yoona yotsegulira phunziroli. Mu Januwale 2015, ku Chitima m'boma la Cahora Bassa, anthu anamwa mowa wa pombe pa maliro. Oposa 200 anadwala ndipo 75 anamwalira. Masiku oyambirira mphekesera inafala yakuti wina wathira ndulu ya ng'ona m'mowawo, ndipo nyuzipepala za m'mayiko ambiri zinalemba zomwezo. Patapita miyezi, mu Novembala chaka chomwecho, zotsatira za mu labotale zinasonyeza china: ufa wa chimanga womwe anafululira mowawo unali ndi bakiteriya wotchedwa Burkholderia gladioli, amene amatulutsa poizoni wa asidi wa bongkrekic. Poizoni ameneyu sanunkha, samveka pa lilime, ndipo saphedwa ndi moto. Aka kanali koyamba kuti apezeke atapha anthu kunja kwa Asia.

Fotokozani nkhaniyi mwaulemu, chifukwa m'kalasimo mungakhale mwana amene anataya wachibale. Kenako funsani funso limodzi: kuchokera pa mphekesera ija kufika pa yankho lenileni, anagwira ntchito ndani, ndipo anachita chiyani? Lembani mayankho awo pambali pa bolodi, musawafufute. Mudzabwererako tsiku lomaliza.

Konzani makadi 42

Apa m'pamene pagona phunziro lonse, choncho musachite mothamanga. Pekani ukwati womwe anthu anadya Loweruka 1 koloko masana. Zakudya zinali nsima, mpunga, nkhuku ya msuzi ndi thobwa. Dulani mapepala, mlendo aliyense akhale ndi khadi lake lokhala ndi nambala, zaka zake, zomwe anadya, ngati anadwala kapena ayi, zizindikiro ndi ola lomwe matenda anayamba. Musalembe mayina, ndipo mudziwo ukhale wopeka. Mukatchula mudzi weniweni, nkhani idzatuluka pasukulu ngati yoona ndipo banja lina lidzanyozedwa popanda mlandu.

Makadi 40 muwagawe motere. Anthu 21 anadya nkhuku ndi mpunga, mwa iwo 14 anadwala. Anthu 3 anadya nkhuku popanda mpunga, 2 anadwala. Anthu 8 anadya mpunga popanda nkhuku, 1 anadwala. Anthu 8 sanadye nkhuku kapena mpunga, 1 anadwala. Odwala onse akhala 18, osadwala 22. Thobwa mupatse odwala 9 ndi osadwala 11. Nsima mupatse onse kupatula awiri, mmodzi wodwala ndi mmodzi wosadwala.

Odwala onse akhale ndi kutsegula m'mimba ndi kupotokola, osanza akhale mmodzi kapena awiri okha, ndipo pasakhale wotentha thupi. Maola oyambira matenda akhale awa: anthu 3 pakati pa 9 ndi 11 koloko usiku, 7 pakati pa 11 ndi 1 koloko, 5 pakati pa 1 ndi 3 koloko, ndi 3 pakati pa 3 ndi 5 koloko m'mbandakucha.

Makadi awiri otsalawo ndi misampha. Limodzi likhale la munthu amene anayamba kutsegula m'mimba Lachinayi, ukwati usanachitike. Lina likhale la mnansi amene akudwala koma ku ukwatiko sanapiteko.

Piriyodi yoyamba: wodwala ndani?

Gawani kalasi m'magulu asanu ndipo gulu lililonse mulipatse dzina la ntchito: anamwino ndi oona odwala, ofufuza miliri, a labotale, a ukhondo ndi kupewa matenda, ndi alangizi a zaumoyo a m'midzi omwe timawadziwa kuti ma APE. Makadi agawidwe kwa ana ena omwe akhale alendo a ku ukwati. Iwo asaonetse khadi, azingoyankha zomwe afunsidwa.

Asanafunse aliyense, kalasi igwirizane tanthauzo la wodwala ndi kulilemba pa bolodi. Likhale ndi munthu, malo, nthawi ndi zizindikiro, mwachitsanzo: aliyense amene anadya pa ukwati wa Loweruka ndipo anatsegula m'mimba katatu kapena kuposerapo m'maola 24, kuyambira atadya mpaka Lolemba. Ana amafuna kudumpha gawoli chifukwa limaoneka ngati kutaya nthawi. Alekeni alidumphe ngati akukakamira, ndipo akafika pa makadi awiri amisampha aja adzakangana okha, ena akuti awerengedwe, ena akukana. Mkangano umenewo ndi wophunzitsa kuposa mawu anu. Onse awiri ayenera kuchotsedwa, chifukwa woyamba anadwala chakudyacho asanachidye ndipo wachiwiri sanachidye n'komwe.

A gulu la ma APE ndi anamwino ndiwo afunse mafunso. Aphunzitseni kufunsa aliyense mafunso ofanana, odwala ndi osadwala omwe. Cholakwa chofala ndi kufunsa odwala okha. China ndi kufunsa molozera, monga "Nkhuku ija inkanunkha, eti?" Funso labwino limatchula chakudya chilichonse pachokha: munadya mpunga, inde kapena ayi? Mayankho alembedwe pa tebulo limodzi lalikulu, mzere umodzi munthu mmodzi.

Anamwino asaiwale kuti wodwala amafuna thandizo kafukufuku asanathe. Aphunzitseni pomwepo kukonza madzi obwezeretsa mphamvu: lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira mankhwala oyeretsa madzi a Certeza, masupuni a tiyi 6 osadzaza mosefukira a shuga ndi theka la supuni ya tiyi ya mchere. Mchere ukachuluka umavulaza, makamaka kwa ana aang'ono, ndipo ngati mapaketi a ku chipatala okonzera madzi amenewa, otchedwa SRO, alipo, ndiwo abwino koposa.

Piriyodi yachiwiri: kuwerengera

Yambani ndi nthawi. Pa bolodi jambulani mzere wa maola, ndipo wodwala aliyense akhale kabokosi kamodzi pamwamba pa ola lake. Padzatuluka kaphiri kamodzi kokwera msanga n'kutsika msanga. Maonekedwe amenewo amatanthauza kuti anthu anatenga matendawa pamalo amodzi nthawi imodzi. Akanakhala kuti akupatsirana, odwala akanamabwera m'magulumagulu kwa masiku ambiri. Ana awerengere kuti kuchokera pa chakudya kufika pa matenda panadutsa maola 8 mpaka 16.

Tsopano funsani kuti chakudya cholakwa ndi chiti. Pafupifupi kalasi yonse idzati nsima, chifukwa odwala 17 mwa 18 anadya nsima. Musawatsutse msanga. Afunseni kuti mwa osadwala 22 aja, anadya nsima ndi angati. Ndi 21. Nsima inadyedwa ndi pafupifupi aliyense, choncho kupezeka kwake m'mimba mwa odwala sikutiuza kanthu.

Njira yolondola ndi kuyerekeza magulu awiri pa chakudya chilichonse. Tengani odwala mwa omwe anadya, gawani ndi onse omwe anadya, chulukitsani ndi 100. Chitani chimodzimodzi kwa omwe sanadye. Pa thobwa, 9 mwa 20 omwa anadwala ndipo 9 mwa 20 osamwa anadwalanso, mbali zonse 45 peresenti, ndiye kuti thobwa lilibe mlandu. Pa nkhuku, 16 mwa 24 anadwala, pafupifupi 67 peresenti, pomwe mwa osadya 16 anadwala 2 okha, 12.5 peresenti. Mukagawa 67 ndi 12.5 mupeza 5 ndi kachidutswa, kutanthauza kuti wodya nkhuku anali pa chiopsezo choposa kasanu poyerekeza ndi wosadya.

Mpunga ndiwo umasokoneza, ndipo taukonza dala motero. Mwa odya mpunga 29 anadwala 15, pafupifupi 52 peresenti, ndipo mwa osadya 11 anadwala 3, pafupifupi 27 peresenti. Ukuoneka ngati uli ndi mlandu. Auzeni ana apatule makadi a omwe sanadye nkhuku okha, 16 aja, aonenso. Odya mpunga 8, wodwala 1. Osadya mpunga 8, wodwala 1. Kusiyana kuja kwatha. Mpunga umaoneka wolakwa chifukwa ambiri amaudya ndi nkhuku. Mwana amene wamvetsa gawo ili wagwira mtima wa ntchito ya wofufuza miliri, ndipo ngati nthawi yatha, ndi bwino kuwonjezera piriyodi ina kusiyana ndi kulithamangira.

Padzakhala wofunsa za awiri aja omwe anadwala osadya nkhuku. Muyamikireni. Mwina mmodzi anathiridwa msuzi wa nkhuku pa nsima n'kuiwala, mwina winayo anatsegula m'mimba pa chifukwa china. Pa kafukufuku weniweni manambala sakwana ndendende.

Piriyodi yachitatu: kukhitchini ndi ku labotale

Inu aphunzitsi khalani wophika wa pa ukwatiwo, a gulu la ukhondo akufunseni. Yankhani zokhazo zomwe afunsa. Nkhani yanu ndi yakuti nkhuku inaphikidwa Lachisanu madzulo mumphika waukulu, inagona momwemo yovundikira pafupi ndi moto wozima, ndipo Loweruka inangotenthetsedwa pang'ono. Ana akayamba ndi kukuimbani mlandu, khalani chete osayankha. Adzazindikira okha kuti wophika woopsezedwa amabisa zoona, ndipo woyendera makhitchini wanzeru amafunsa za maola, miphika ndi madzi.

A labotale muwapatse pepala la tizilombo tinayi kuti asankhe. Poizoni wa Staphylococcus aureus amasanzitsa kwambiri pakangotha mphindi 30 mpaka maola 8. Bacillus cereus wa mu mpunga wogona amasanzitsa m'maola osapitirira 6. Salmonella amatenga maola 6 mpaka masiku 6 ndipo kawirikawiri amatenthetsa thupi. Clostridium perfringens amatsegula m'mimba ndi kupotokola pakatha maola 6 mpaka 24, kusanza ndi kutentha thupi sikuchitikachitika, ndipo amakonda nyama yophikidwa yambiri n'kuzizira pang'onopang'ono. Womalizayu ndiye akugwirizana ndi makadi. Njere zake zimapirira moto wophikira, ndipo mphika ukamazirala zimadzuka n'kuchulukana. Mabakiteriya ambiri amaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60, n'chifukwa chake chakudya chophika sichiyenera kukhala pamtunda kupitirira maola 2, ndipo chotenthetsanso chiyenera kutentha mpaka pakati penipeni, osati kungofunda pamwamba.

Komabe a labotale anene momveka kuti uku ndi kuganizira chabe. Umboni umabwera popima chimbudzi cha odwala ndi zotsala za chakudya, zotengedwa msanga m'zotengera zoyera, zolembedwa nambala, tsiku ndi ola, ndi kusungidwa pozizira. Zotsala zikatayidwa kapena miphika ikatsukidwa ofufuza asanafike, umboni umapita. M'kalasi musabweretse chakudya chowola kapena kuyesa kumeretsa tizilombo m'mabotolo. Mapepala akwanira.

Gulu lililonse linene zomwe lapeza m'mphindi 3, ndipo ma APE amalize ndi uthenga wa pamsonkhano wa kwa amfumu, m'Chichewa chomveka kwa agogo, wosatchula munthu wolakwa koma wonena chomwe chisinthe pa ukwati wotsatira: kuphika tsiku lomwelo, kapena kugawa ndiwo m'miphika ing'onoing'ono kuti zizizire msanga ngati pali firiji.

Bwererani ku mayankho a tsiku loyamba aja, ana awonjezere ntchito zomwe sanazitchule. Apa auzeni komwe ntchitozi zimaphunziridwa. Mumzinda wa Tete muli Instituto de Ciências de Saúde, sukulu yophunzitsa ogwira ntchito za umoyo, komanso nthambi ya zaumoyo ya Universidade Zambeze. Instituto Nacional de Saúde ndi bungwe la boma lomwe limatsogolera kafukufuku wa zaumoyo ndi malabotale akuluakulu m'dziko muno. Polowera m'sukulu zimenezi pamakhala mayeso, choncho biology ndi chemistry zigwiridwe mwamphamvu, ndipo masamu a maperesenti omwe achita sabata ino ndi omwewo adzawafune. Ngati kungatheke, lemberani kalata ku ofesi ya zaumoyo ya boma lanu kupempha técnico de medicina preventiva, wogwira ntchito yopewa matenda, kuti adzakhale nawo piriyodi yachitatuyi. Muuzeni abwere ndi mafomu opanda mayina omwe amalembapo malipoti a matenda, ana awagwire m'manja n'kuyerekeza ndi tebulo lawo la pa bolodi.